Mafizo, mankhwala, mphete kapena opaleshoni: njira zothandizira amayi ovutika m'chinena

Pansi pa mafupa a chiuno cha mayi pali minofu yoyalana kuchokera pa fupa la pachinena, kutsogolo, mpaka pa kafupa komalizira msana, kumbuyo. Minofu imeneyi ndi imene imachirikiza chikhodzodzo, chiberekero ndi thumbo lotulutsira chimbudzi. Ndiyo imatseka njira ya mkodzo ndi ya chimbudzi mpaka munthu atafika pamalo oyenera, koma iyeneranso kumasuka pa nthawi yokodza, yochita chimbudzi, yogonana ndi yobereka. Ikasokonekera, mayi wina amadontha mkodzo akakhosomola, akayetsemula, akaseka kapena akamasenza ndowa ya madzi. Wina amamva kulemera kunsi ngati chinthu chikufuna kutuluka, makamaka madzulo atagwira ntchito tsiku lonse. Winanso amakhala ndi ululu wa m'chinena umene umatha miyezi osaleka, ndipo umakula akakhala pansi nthawi yaitali kapena akakhala malo amodzi ndi mwamuna wake.

Mavutowa amamvekera malo amodzi, koma gwero lake si limodzi. Aliyense amene anaberekapo mwana kumbuyo amadziwa kuti chitenje chikakhwefuka mwana amatsetsereka, ndipo chikamangidwa mopyola muyeso chimapweteka mwana ndi womubereka yemwe. Minofu ya pansi pa chiuno imalakwikanso mwanjira ziwiri zomwezi: ina imafooka, ina imakungika n'kulephera kumasuka. Chithandizo chimene chimachiritsa yofooka chikhoza kuwonjezera ululu wa yokungika, ndipo n'chifukwa chake funso loyamba lisakhale lakuti ndi njira iti yamphamvu kuposa zonse, koma lakuti vuto la mayi ameneyu ndi la mtundu uti.

Zimene zimafooketsa minofuyi n'zodziwika: mimba, kubereka kovuta kapena kotenga nthawi yaitali, kung'ambika pobereka, kubereka pafupipafupi, chifuwa chokhalitsa, kudzimbidwa kumene kumachititsa munthu kutchima tsiku ndi tsiku, kunenepa kwambiri, ndiponso kusintha kwa thupi mayi akasiya kusamba. Pa zimenezi tiwonjezerepo ntchito ya amayi ambiri a kwathu kuno, ya kusenza madzi ndi nkhuni, kusinja ndi kulima, imene ambiri amaibwerera patangopita masabata ochepa atachira. Amayi ochuluka amangopirira, n'kumati umu ndi mmene uchembere umakhalira. Kuchuluka kwa ovutika sikutanthauza kuti vutolo lilibe chithandizo.

Zimene mafizo sangathetse

Tisanayerekeze njira, pali matenda amene ayenera kufufuzidwa kaye, chifukwa kutaya miyezi pa mafizo pamene vuto lili pena n'koopsa. Mayi amene mkodzo kapena chimbudzi chimangotuluka usana ndi usiku, osaleka ngakhale atagona, ndipo zinayamba atabereka movutikira kapena atachitidwa opaleshoni, akhoza kukhala ndi fistula, kutanthauza bowo pakati pa njira yoberekera ndi chikhodzodzo kapena thumbo. Bowo silitsekeka ndi kulimbitsa minofu. Nthawi zambiri limafuna kusokedwa, ndipo ntchito imeneyi imachitika mwaulere pamalo othandizira odwala fistula a pachipatala cha Bwaila ku Lilongwe, amene amathandizidwa ndi bungwe la Freedom From Fistula Foundation. Mafizo amabwera pambuyo pake, kwa amene akudonthabe mkodzo ngakhale bowo latsekedwa.

Kutaya magazi pambuyo pogonana, pakati pa misambo kapena mayi atasiya kale kusamba, chikazi chonunkha, ndi kuwonda kosadziwika chifukwa chake, zimafuna kuti khomo la chiberekero liunikidwe msanga, pakuti Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri. Ululu wobwera ndi kutentha thupi umaloza ku matenda a tizilombo m'chiberekero ndi m'machubu, ndipo ululu wadzidzidzi wa mbali imodzi mwa mayi amene waphonya msambo ukhoza kukhala mimba yokhala m'chubu, imene ndi ngozi yofunika chipatala tsiku lomwelo. Amayi a m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ya Chilwa ndi mtsinje wa Shire akumbukirenso likodzo, limene mazira ake amatha kukhazikika m'njira yoberekera ndi pakhomo la chiberekero, n'kubweretsa ululu ndi magazi zimene kawirikawiri zimasokonezedwa ndi matenda opatsirana pogonana. Mankhwala ake ndi praziquantel.

Kulimbitsa minofu: pawekha kapena moyang'aniridwa

Kwa mayi amene amadontha mkodzo akakhosomola kapena akanyamula katundu, ndiponso kwa amene chiberekero kapena chikhodzodzo chatsika pang'ono koma sichinatulukire kunja kwenikweni, njira yoyamba ndi kulimbitsa minofu. Dokotala wa ku America, Arnold Kegel, ndiye anafalitsa njirayi mu 1948, ndipo mpaka lero ambiri amaitchula ndi dzina lake. Kachitidwe kake n'kosavuta kufotokoza: mayi amafinya kunsi ngati akuletsa mpweya woipa kutuluka komanso akugwira mkodzo nthawi imodzi, amakokera m'kati ndi m'mwamba, amagwira masekondi angapo uku akupuma bwinobwino, kenako amamasula kotheratu asanabwerezenso. Bungwe la NICE, limene limalemba malangizo a zachipatala ku Britain, limanena kuti mayi afinye kosachepera ka 8, katatu pa tsiku, kwa miyezi yosachepera 3 ngati vuto ndi mkodzo, ndiponso masabata osachepera 16 ngati vuto ndi kutsika kwa ziwalo. Limatsindikanso kuti zimenezi zichitike moyang'aniridwa ndi wodziwa ntchitoyi.

Apa ndi pamene pali kusiyana kwenikweni pakati pa kuchita wekha kunyumba ndi kupita ku mafizo. Kuchita wekha sikulira ndalama, sikufuna thiransipoti, ndipo palibe amene amadziwa kuti ukuchita kanthu, kaya uli pampando wa mu ofesi kapena ukuyamwitsa mwana. Vuto lake ndi lakuti minofuyi sioneka ndi maso, ndipo amayi ambiri amene angouzidwa ndi pakamwa kapena awerenga pa intaneti amafinya matako, ntchafu kapena mimba m'malo mwa minofu yoyenera. Ena amagwira mpweya n'kukankhira pansi ngati akutchima, chimene chimawonjezera vuto lomwe akufuna kuthetsa. Palinso amene amazolowera kudukiza mkodzo ali m'kati mokodza poganiza kuti ndiwo mafizowo, chizolowezi chimene chimasokoneza chikhodzodzo kuti chisamathe kutulutsa mkodzo wonse. Dokotala wa mafizo, kapena namwino ndi mzamba wophunzitsidwa, amapima ndi chala chovala gulovu kuti amve ngati minofu ikukokadi m'mwamba, mphamvu yake ndi yotani, imagwira nthawi yaitali bwanji, ndipo ngati ikumasuka pambuyo pake. Akatero amakonza ndondomeko yoyambira pamene mayiyo ali, mwina atagona chagada, kenako atakhala, kenako ataimirira, mpaka azitha kufinya asanakhosomole kapena asananyamule mwana. Kufinya kotsogolera chifuwa kapena katundu kumeneku n'kumene kumachepetsa kudontha msanga, mphamvu yeniyeni ya minofu isanakule n'komwe.

Kwa mayi wokhala kutali ndi chipatala chachikulu, maganizo anga ndi akuti ulendo umodzi kapena iwiri yoti apimidwe ndi kuphunzitsidwa bwino, kenako n'kupitiriza kunyumba ndi kubwerera patapita miyezi 3, ndi wabwino kuposa chaka chathunthu chofinya mongoyerekeza. Mayi woyembekezera amene sanayambe kudontha mkodzo akayamba kulimbitsa minofuyi mimba idakali yaing'ono amachepetsa mpata woti vutoli limupeze kumapeto kwa mimba ndi miyezi yoyamba atachira, choncho ndi nkhani yoyenera kufunsa kusikelo. Koma njirayi imafuna khama, zotsatira zake sizibwera m'sabata imodzi, ndipo munthu akaleka kotheratu mphamvu imabwerera m'mbuyo. Sibwezeranso m'malo chiberekero chimene chatulukiratu kunja.

Za makina sindichedwapo. Alipo oonetsa pa kompyuta mmene minofu ikufinyira, ena ogwedeza minofu ndi magetsi ofooka, ndi tizitsulo kapena timipira tolemera tolowetsa kunjira yoberekera. Zimenezi zimathandiza makamaka mayi amene sakumva n'komwe minofu yake kapena sangathe kuifinya, koma kwa amene akufinya bwino phindu lake loposa mafizo wamba ndi lochepa. Amene akuona zipangizo zoterezi zikutsatsidwa pa Facebook asafulumire kutaya ndalama asanapimidwe.

Pamene vuto lalikulu ndi ululu

Ululu wa m'chinena umene watha miyezi 6 kapena kuposerapo ndi nkhani ina, ndipo ndi pamene amayi ambiri amasocheretsedwa. Thupi likamva kupweteka limadziteteza pokunga minofu. Kupwetekako kukhoza kuyamba ndi chipsera cha pamene anasoka pobereka, ndi matenda a m'chikhodzodzo obwerezabwereza, ndi msambo wowawa kwambiri, kapena ndi endometriosis, matenda amene tinyama tofanana ndi ta m'kati mwa chiberekero timamera kunja kwake, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati amakhudza pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi 10 alionse a msinkhu wobereka. Kukhozanso kuyamba ndi nkhanza zogwiriridwa kapena mantha a kugonana. Minofu ikakhala yokungika miyezi yambiri imayamba kupweteka payokha, ngakhale chimene chinayambitsa chitatha, ndipo mayi akamayembekezera ululu minofu imakungikiratu asanakhudzidwe. Zizindikiro zake ndi kuwawa polowetsa pogonana kapena popimidwa, kuvutika kuyamba kukodza, kumva ngati chimbudzi sichinathe, ndi ululu wofalikira kumsana, m'matako kapena m'ntchafu.

Mayi wotereyu akauzidwa kuti azifinya katatu pa tsiku, amakhala akukunga chinthu chokungika kale. Mafizo ake ndi ophunzira kumasula. Amaphunzitsidwa kupuma mozama ndi mimba kuti pokoka mpweya minofu ya kunsi itsike ndi kufewa. Amaphunzitsidwa kuongola minofu ya m'chiuno, ya m'matako ndi ya m'kati mwa ntchafu. Dokotala wa mafizo amasisita ndi kudina pang'onopang'ono malo olimba, kunja ndi m'kati, ndiponso kufewetsa chipsera. Kwa amene njira imatsekeka akafuna kugonana, pali tizipangizo tosalala tosiyana kukula, timene mayi amalowetsa yekha pa nthawi yake, kuyambira kakang'ono kwambiri, kuti thupi lizolowere kuti kukhudzidwa sikupweteka. Nsalu yofunda pachinena, kuyenda pang'ono tsiku ndi tsiku, ndi kuthetsa kudzimbidwa mwa kumwa madzi okwanira ndi kudya masamba, zipatso, nyemba ndi mgaiwa, zimathandizira ntchito yomweyo. Kunjuta pochita chimbudzi, monga momwe zimbudzi zokumba zimafunira, kumathandiza thumbo kutseguka popanda kutchima. Wogwiritsa ntchito chimbudzi chokhalira aike kampando pansi pa mapazi.

Tikayerekeza ndi mapiritsi, mafizo a mtundu uwu ndi ochedwa koma amakhudza gwero. Paracetamol ndi ibuprofen amachepetsa ululu wa tsikulo, ndipo ibuprofen amathandiza kwambiri pa msambo wowawa, koma kumumwa miyezi yambiri kumawononga chifu ndi impso. Amitriptyline pa mlingo wochepa amaperekedwa ndi madokotala kuti atonthoze mitsempha imene yazolowera kutumiza ululu, ngakhale amaumitsa kukamwa ndi kubweretsa tulo. Njira zolerera za mahomoni zimachepetsa ululu wa endometriosis mwa amayi ambiri. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kumwa maantibayotiki mobwerezabwereza, nthawi zina ogula pamsika, pa ululu umene sunapezeke kuti ndi wa tizilombo: mayi amamaliza mankhwala, ululu umabwerera, amagulanso ena, ndipo pakutha pa zaka amakhala ataononga ndalama, akukayikirana ndi mwamuna wake za matenda opatsirana pogonana, pamene minofu yake palibe anaipimapo. Pa ululu wokhalitsa, njira zimenezi sizipikisana kwenikweni. Zimayenda bwino dokotala wa amayi akamathana ndi gwero, wa mafizo akamathana ndi minofu, ndipo phungu akamathandiza pamene pali mantha kapena chipsinjo cha nkhanza zakale. Mwamuna nayenso afotokozeredwe, makamaka ndi wachipatala, kuti mkazi wake sakukana dala, ndi kuti kukakamiza kumabwezera m'mbuyo ntchito ya masabata ambiri.

Kupimidwa m'kati kumachititsa manyazi amayi ambiri, ndipo n'zomveka. Mayi ali ndi ufulu wofunsa chimene chichitike chisanachitike, wopempha kuonedwa ndi wachipatala wamkazi ngati alipo, wokhala ndi namwino kapena mbale wake m'chipindamo, ndi woimitsa kupimako nthawi iliyonse. Zambiri zikhoza kuyambika tsiku loyamba popanda kupima m'kati.

Chikhodzodzo chosaugwira mtima

Pali kudontha kwa mtundu wina kumene sikudikira chifuwa: mkodzo umangobwera mwamphamvu mwadzidzidzi, mwina munthu akangomva madzi akutsika pampopi, ndipo umatuluka asanafike kuchimbudzi. Apa njira yoyamba ndi kuphunzitsa chikhodzodzo kwa masabata osachepera 6, potalikitsa pang'onopang'ono nthawi ya pakati pa kukodza, ndi kuchepetsa tiyi, khofi ndi zakumwa za kola. Kuchepetsa madzi mopyola si nzeru, chifukwa mkodzo wokhuthala umaputa chikhodzodzo ndipo kudzimbidwa kumakula. Mankhwala monga oxybutynin amabwera njirayi ikalephera. Amathandiza ndithu, koma amaumitsa kukamwa, amadzimbitsa, ndipo mwa agogo ofooka amatha kusokoneza mutu. Mayi amene anasiya kusamba ndipo kunjira kwauma ndi kuwawa amapindula ndi mankhwala opaka a estrogen, homoni ya amayi imene imachepa mayi akasiya kusamba, akalembedwa ndi dokotala. Wokodza pafupipafupi ndi ludzu losatha ayezetsenso shuga.

Mphete yochirikiza ndi opaleshoni

Pakati pa mafizo ndi opaleshoni pali njira imene amayi ambiri sanaimvepo, ya pessary, kachipangizo kofewa kamene kawirikawiri kamakhala ngati mphete ndipo kamaikidwa m'njira yoberekera kuti kachirikize chiberekero kapena chikhodzodzo chotsika. Ubwino wake ndi wakuti mpumulo umabwera tsiku lomwelo, safuna kugonekedwa m'chipatala, ndipo ikapanda kuyanja imangochotsedwa. Imayenera mayi amene akufunabe kubereka, wokalamba amene thupi lake silingapirire opaleshoni, ndi amene akudikira tsiku la opaleshoni. Siichiritsa, imangochirikiza, ndipo nthawi zina pamafunika kuyesa masayizi angapo isanapezeke yokhala bwino. Chachikulu n'chakuti iyenera kuchotsedwa, kutsukidwa ndi kuunikidwa pasanathe miyezi 6 iliyonse, chifukwa yoiwalika m'kati kwa zaka imayambitsa zilonda. Choncho kwa mayi amene sangathe kubwerera kuchipatala, kapena kuphunzira kuichotsa yekha, mphete si njira yopepuka monga imaonekera. Kuvala mphete sikuletsa kupitiriza mafizo.

Opaleshoni ndiyo njira yamphamvu kwa amene chiberekero chatulukira kunja, chikukhula pa zovala, kapena chikutsekereza mkodzo, ndiponso kwa amene achita mafizo mokhulupirika miyezi yonse koma akudonthabe kwambiri. Madokotala amatha kusoka ndi kulimbitsa makoma a njira yoberekera, kuchotsa chiberekero, kapena kukweza khosi la chikhodzodzo. Zotsatira zimakhala zabwino mwa ambiri, komabe pali zoyenera kuziyeza: kutaya magazi, mabala kulowa tizilombo, kuvutika kukodza masiku oyamba, ululu watsopano pogonana, ndi kutsikanso kwa ziwalo pakapita zaka. Nthawi zambiri amalangiza kudikira mpaka mayi atamaliza kubereka, popeza mimba ina ikhoza kuphwasula zimene zasokedwa. Pamafunikanso masabata osachepera 6 osanyamula zolemera, ndipo kwa mayi wakumudzi izi zikutanthauza kuti banja ligwirizane kale za amene adzatunge madzi ndi kusenza nkhuni, ndipo ngati tsiku lingasankhidwe, lisagwe pakati pa dzinja ntchito ya kumunda itachuluka. Amayi okhala ku South Africa, ku Britain ndi kwina afunsenso ngati opaleshoniyo ikugwiritsa ntchito ukonde wa pulasitiki wotchedwa mesh: mu 2018 dziko la England linaimitsa kaye kugwiritsa ntchito ukondewu kudzera kunjira yoberekera pothandiza odontha mkodzo, ndipo mu 2019 bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linaletsa kugulitsa wochirikizira ziwalo zotsika woikidwa kudzera njira yomweyo, amayi ambiri atadandaula za ululu wosatha. Pa ululu wochokera ku minofu yokungika, kuchotsa chiberekero sikuthandiza, chifukwa chopwetekacho chimatsala momwemo.

Za mankhwala oika kunjira

Amayi ena akamva kuti kunsi kwakhwefuka amathamangira zitsamba, miyala yosungunuka kapena sopo woika kunjira, zimene amati zimabwezeretsa ndi kuumitsa. Zinthu zimenezi sizifika pa minofu. Zimangotupitsa ndi kuumitsa khungu la m'kati, kotero mayi amamva ngati pathina kwa kanthawi, pamene khungulo likung'ambika tizilonda timene timatsegulira njira matenda, kuphatikizapo HIV. Kwa amene ali kale ndi ululu, zimawonjezera moto. Kumanga mimba ndi nsalu mayi atachira kumamupatsa mpumulo poyenda, koma kukathinitsa kwambiri kumakankhira ziwalo pansi, ndipo sikulowa m'malo mwa kulimbitsa minofu.

Kumene chithandizo chimapezeka

Ku Malawi maphunziro a digiri ya mafizo anayamba mu 2010 ku College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, ndipo chiwerengero cha akatswiriwa chakhala chikukwera ngakhale chidakali chochepa poyerekeza ndi anthu ofuna thandizo. Zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu zili ndi nthambi za mafizo, ndipo zina za m'maboma ndi za mishoni zilinso ndi ogwira ntchitoyi. M'zipatala za boma chithandizo n'chaulere koma mizere ndi yaitali, pamene m'zipatala zolipira munthu amaonedwa msanga koma maulendo angapo amalemera m'thumba. Ambiri mwa akatswiriwa amatanganidwa ndi odwala sitiroko, ovulala pangozi ndi ana olumala, choncho ndi bwino kufunsa mwachindunji ngati pali amene anaphunzira za minofu ya pansi pa chiuno mwa amayi. Polowera pabwino ndi kuchipatala cha amayi, kusikelo, kapena paulendo wa masabata 6 mayi atachira, pamene angapemphe kalata yomutumiza ku mafizo.

Popita, mayi atenge buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa. Kwa masiku 3 asanapite alembe nthawi imene wamwa, chimene wamwa, nthawi imene wakodza, ndi pamene wadontha pamodzi ndi chimene amachita pa nthawiyo. Ngati vuto ndi ululu, alembe pamene ukumvekera, chimene chimauyambitsa, ndi mmene ukuyenderana ndi msambo. Amene satha kulemba akhoza kuuza mwana wake wamkazi wamkulu kapena mnzake womukhulupirira kuti amulembere. Pepala limeneli limathandiza wachipatala kusiyanitsa minofu yofooka, yokungika ndi chikhodzodzo chopupuluma m'mphindi zochepa zimene ali nazo, ndipo ndi lomwelo limene adzaliyerekeze ndi latsopano pakatha miyezi 3, poona ngati njira yosankhidwayo ipitirire kapena nthawi yakwana yoyesa mphete, mankhwala kapena opaleshoni.